Foni ikachenjeza, munthu amvere ndani?

Masiku ano munthu wa ku Mponela, Jenda, Lunzu kapena Luchenza sachita kukwera minibasi pa chilichonse. Kufunsira malo kusukulu ya ukachenjede, kufunsira ntchito, kuona ndalama zomwe zatsala kubanki, zambiri mwa izi zimatheka pafoni ali khale pakhonde. Koma nthawi zina, m'malo mwa tsamba lomwe akufuna, pafonipo pamatuluka mawu achingerezi akuti “Your connection is not private”. Pansi pake pamakhala batani lomuuza kuti abwerere, ndipo pambali pamakhala kena kolembedwa kuti “Advanced”, komwe kamabisa njira yopitirira.

Apa mpomwe mutu umaima. Tsiku lotsekera mafomu ndi lomwelo, bandulo ikutha, ndipo tsambalo ndi la ofesi yodziwika. Kodi munthu akhulupirire ofesiyo, yomwe ili ndi nyumba, mbendera ndi chidindo, kapena akhulupirire kafoni kake komwe kakuti pali chiopsezo?

Funsoli lazunguza ngakhale maiko olemera. Ena adataya zinsinsi zawo kaamba kosamvera chenjezo, ena adazitaya kaamba komvera akuluakulu omwe sadayenere kumveredwa.

Kalata ya amfumu ya pa intaneti

Kuti nkhaniyi imveke, mpofunika kudziwa chomwe chimachitika munthu akatsegula tsamba. Mawu omwe amalemba, kaya ndi dzina, nambala ya chiphaso cha unzika kapena pasiwedi, sauluka kuchoka pafoni n'kukatera kubanki. Amadutsa m'manja ambiri: pa nsanja ya netiweki, pa makina a kampani ya mafoni, m'zingwe zodutsa maiko ndi pansi pa nyanja. Paliponse pamenepa wina atha kuwasuzumira kapena kuwasintha.

Pofuna kuthana ndi vutoli, kampani ya Netscape ya ku America idatulutsa mu 1995 njira yotchedwa SSL, yomwe idadzalowedwa m'malo ndi TLS kuyambira mu 1999. Njirayi imachita zinthu ziwiri. Choyamba, imasokoneza mawu kuti wowatola panjira asatolepo kanthu. Chachiwiri, imatsimikiza kuti tsamba lomwe foni yalipeza ndi lomwelo lomwe lalembedwa pa adiresi. Tsamba lotetezedwa motere adiresi yake imayamba ndi https, pomwe losatetezedwa imayamba ndi http basi.

Kutsimikizako kumayenda ngati kalata ya amfumu. Mlendo akafika pamalo n'kunena kuti ndi wa m'mudzi wakutiwakuti, mawu ake okha sakwanira. Amaonetsa kalata yokhala ndi chidindo cha mfumu yodziwika. Nalo tsamba la pa intaneti limaonetsa satifiketi yake, yomwe imakhala itasainidwa ndi limodzi mwa mabungwe opereka masatifiketi. Foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse imabwera kale ndi mndandanda wa mabungwe ambiri omwe chidindo chawo chimavomerezedwa. Pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome, Firefox kapena Safari, imayang'ana zinthu zitatu m'kuphethira kwa diso: kodi wasaina ali pamndandanda, kodi dzina la pa satifiketi likufanana ndi adiresi, nanga kodi masiku ake sadathe? Chimodzi chikalephereka, chenjezo lija limatuluka.

Choncho chenjezoli silinena kuti eni tsamba ndi akuba. Limangonena kuti foni yalephera kutsimikiza kuti ikulankhula ndi ndani.

Mlonda wokuwa kawirikawiri

Vuto lalikulu ndi loti nthawi zambiri chenjezoli likatuluka sipakhala wakuba. Chifukwa chimodzi chofala ndi wotchi ya foni. Foni yomwe batire yake idachotsedwa, kapena yomwe yangochoka kwa okonza, nthawi zina imabwerera ku deti lakalekale. Ikayang'ana satifiketi yabwinobwino imaona ngati masiku ake sadayambe kapena adatha, ndipo imachenjeza pafupifupi pa tsamba lililonse. Mafoni akale omwe adasiya kulandira zosintha nawonso amavutika chifukwa mndandanda wawo wa mabungwe ndi wachikale. Wi-Fi ya pamalo ogona alendo kapena pasukulu, yomwe imafuna munthu ayambe walembetsa, imathanso kubweretsa chenjezo lomweli.

Chifukwa china chili kwa eni masamba. Satifiketi ili ngati laisensi ya galimoto: imatha ndipo imafuna kukonzanso. Wogwira ntchito akaiwala, kapena ndalama zikachedwa, tsamba la ofesi yolemekezeka limayamba kuoneka ngati lokayikitsa.

Izi zidachitikapo ngakhale ku America. Kuyambira pa 22 Disembala 2018 mpaka pa 25 Januwale 2019, nthambi zambiri za boma la dzikolo zidatsekedwa kwa masiku 35 kaamba ka kusamvana pa bajeti. Kampani ya Netcraft ya ku Britain idapeza kuti masatifiketi oposa 80 a masamba a boma adatha m'nyengoyo popanda wowakonza, kuphatikizapo ena a bungwe la NASA ndi a unduna wa zachilungamo. Nzika zofuna thandizo la boma lawo zimalandiridwa ndi chenjezo loti tsambalo n'losadalirika.

Zotsatira zake n'zodziwikiratu. Galu wouwa usiku uliwonse, tsiku lomwe kwabweradi fisi anthu amangotembenuka pamphasa. Mu 2013 akatswiri awiri, Devdatta Akhawe wa ku yunivesite ya California ku Berkeley ndi Adrienne Porter Felt wa ku Google, adaunika machenjezo oposa 25 miliyoni omwe adaonekera kwa anthu. Adapeza kuti pa machenjezo 100 alionse okhudza satifiketi pa Chrome, pafupifupi 70 anthu amangowadumpha n'kupitirira. Pa Firefox, pomwe kudumphako kumafuna kudina kangapo, odumphidwa adali pafupifupi 33. Kuchokera apo Google idasintha mawu ndi maonekedwe a chenjezo lake, n'kubisa njira yopitirira kuseri kwa kabatani kaja.

Komabe makina sangakonze chizolowezi chomwe maofesi eni ake akuphunzitsa anthu. Ofesi ikasiya satifiketi yake itatha, kenaka wogwira ntchito n'kumauza anthu kuti angopitirira palibe vuto, phunziro lomwe anthuwo amatenga ndi loti chenjezo ndi chinthu chongodumpha. Mawa phunziro lomwelo adzaligwiritsa ntchito patsamba labodza.

Chidindo chitabedwa

Tsiku lomwe fisi adabweradi lidafika mu 2011. Ku Netherlands kudali kampani yotchedwa DigiNotar, imodzi mwa zomwe chidindo chake chimavomerezedwa ndi makompyuta a dziko lonse lapansi. Boma la dzikolo limaidalira pa masamba ake ambiri, kuphatikizapo okhudza misonkho ndi njira yomwe nzika zimadzizindikiritsira pochita zinthu ndi boma.

Pakati pa chaka chimenecho akuba a pa intaneti adalowa m'makina a kampaniyo n'kudzipangira masatifiketi abodza oposa 500, ina ya dzina la Google. Kampaniyo idazindikira mu Julaye kuti yathyoleredwa, koma sidauze anthu. Chinsinsicho chidaululika kumapeto kwa Ogasiti pomwe munthu wina wa ku Iran, pofuna kutsegula makalata ake a Gmail, adaona chenjezo pa Chrome. M'malo molidumpha, adafunsa poyera kuti chikuchitika n'chiyani. Chrome idakana satifiketiyo chifukwa idapangidwa modziwiratu mabungwe enieni omwe amasainira masamba a Google, ndipo DigiNotar sidali m'gulumo.

Kafukufuku wa kampani ya Fox-IT adaonetsa kuti makompyuta pafupifupi 300 000, pafupifupi onse a ku Iran, adakumana ndi satifiketi yabodzayo. Eni ake amaganiza kuti akulankhula ndi Google pomwe pakati padali wina wotha kuwerenga makalata awo. M'dziko lomwe mawu otsutsa boma amatha kumangitsa munthu, iyi sidali nkhani ya ndalama chabe koma ya moyo. Ambiri mwa anthuwa sadaone chenjezo lililonse, poti chidindo chidali chenicheni ngakhale chidali m'manja olakwika.

Opanga mapulogalamu otsegulira masamba adachotsa DigiNotar pamndandanda. Kumayambiriro kwa Seputembala boma la Netherlands lidalanda kayendetsedwe ka kampaniyo, ndipo nduna ya zam'dziko, a Piet Hein Donner, idauza mtundu kuti chitetezo cha masamba ena a boma sichingatsimikizike. Mwezi womwewo usadathe, kampaniyo idagwa. Chomwe chidaipha si kuthyoleredwa kokha ayi, koma kubisa. Mu ntchito yomwe katundu wake ndi chikhulupiriro, wobisa cholakwa sapatsidwanso mpata wachiwiri.

Boma likati ‘ikani ichi pafoni yanu’

Nkhani ya ku Kazakhstan ndi yosiyana, chifukwa kumeneko wopempha kuti amukhulupirire lidali boma lenilenilo. Mu Julaye 2019 makampani a intaneti m'dzikolo adayamba kuuza makasitomala awo, makamaka a mu likulu, kuti aike pa mafoni ndi makompyuta awo satifiketi yapadera ya boma. Akuluakulu adati cholinga n'kuteteza nzika kwa akuba a pa intaneti. Wokana kuiika amavutika kutsegula masamba ena.

Koma kuika satifiketi yotere kuli ngati kuuza foni kuti chilichonse chomwe mwini satifiketiyo wasaina ichivomere osafunsa. Akatswiri a ku yunivesite ya Michigan adapeza kuti njirayo imagwiritsidwa ntchito pa masamba 37, kuphatikizapo Facebook, Twitter, Instagram, YouTube ndi a Google. Izi zimapatsa boma mwayi wowerenga mauthenga ndi mapasiwedi a nzika zake popanda chenjezo lililonse kutuluka.

Kumayambiriro kwa Ogasiti boma lidaimitsa ntchitoyo ponena kuti kudali kungoyeserera. Pa 21 Ogasiti 2019, Google, Mozilla ndi Apple adalengeza kuti mapulogalamu awo aikana satifiketiyo ngakhale munthu ataiika yekha. Boma litayesanso mu Disembala 2020, makampaniwo adaikananso, ndipo ulendo umenewu Microsoft idagwirizana nawo.

Ambiri adaombera m'manja, koma nkhaniyi idasiya funso lina lolemera. Makampani ochepa, ambiri a ku America, ndiwo amasankha chidindo chomwe dziko lonse lichikhulupirire, ndipo palibe nzika ya Kazakhstan, Iran kapena Malawi yomwe idawavotera. Mphamvu zawo zidaonekanso mu 2017 pomwe Google idalengeza kuti isiya kukhulupirira masatifiketi a Symantec, imodzi mwa makampani akuluakulu pa ntchitoyi, kaamba kopereka masatifiketi mosatsata malamulo. Symantec idagulitsa nthambi yakeyo ku DigiCert chaka chomwecho.

Chomwe chimachepetsako nkhawa n'choti alondawa nawonso adaikiridwa owayang'anira. Nkhani ya DigiNotar itachitika, akatswiri a ku Google adayambitsa kaundula wapoyera wotchedwa Certificate Transparency, momwe satifiketi iliyonse yoperekedwa imalembedwa kuti aliyense athe kuiona. Kuyambira mu 2018 Chrome imakana satifiketi yatsopano yomwe sidalembedwe m'kaundulayu. Wopereka satifiketi yachinyengo tsopano amasiya mapazi poonekera.

Loko si umboni wa chilungamo

Kwa zaka zambiri anthu amaphunzitsidwa kuti akaona kachizindikiro ka loko pafupi ndi adiresi ndiye kuti zonse zili bwino. Malangizowa adali ndi nzeru pomwe satifiketi imagulidwa ndi ndalama ndipo masamba okhala nayo adali ochepa. Zinthu zidasintha bungwe la Let's Encrypt litayamba kupereka masatifiketi aulere kumapeto kwa 2015. Ichi chidali chinthu chabwino, chifukwa sukulu, mpingo kapena bizinesi yaing'ono idatha kuteteza tsamba lake osalipira. Pofika mu Julaye 2018 masamba otetezedwa adali atachuluka moti Chrome idayamba kulemba mawu akuti “Not secure” pa tsamba lililonse lopanda https.

Koma chaulere sichisankha. Wakuba nayenso atha kulembetsa adiresi yofanana pang'ono ndi ya banki, n'kuipezera satifiketi yovomerezeka. Satifiketiyo sinama: imatsimikiza kuti munthu akulankhuladi ndi mwini adiresiyo ndipo palibe akumvetsera panjira. Chomwe sinena n'choti mwini adiresiyo ndi tambwali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amalonda a pamsika angaimvetse bwino nkhaniyi. Sikelo yoyesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards imatsimikiza kuti kilogalamu ndi kilogalamu, koma sinena kuti wogula soyayo alipira mtengo wabwino kapena kuti ndalama zake si zachinyengo.

Google yomwe idavomereza kuti lokoyo imasocheretsa anthu. Kafukufuku wake wa mu 2021 adapeza kuti anthu 11 okha mwa 100 alionse omwe adafunsidwa ndiwo amamvetsa tanthauzo lake lenileni. Mu Seputembala 2023 kampaniyo idayamba kuchotsa kachizindikiroko pa Chrome n'kuikapo kena kosapatsa munthu maganizo oti tsambalo lavomerezedwa.

Pali chenjezo lachiwiri lomwe siliyenera kusokonezedwa ndi loyamba lija. Ili limadzaza foni yonse ndi mtundu wofiira, ndipo limatuluka pomwe tsambalo lili pamndandanda wa masamba omwe adapezeka kale akubera anthu kapena akufalitsa mapulogalamu oononga. Chenjezo la satifiketi limati sizikudziwika kuti uyu ndi ndani. Lofiirali limati uyu akudziwika, ndipo ndi woopsa.

Palinso machenjezo abodza, omwe amatuluka m'kati mwa tsamba n'kumaphethira kuti foni yagwidwa ndi mavairasi ambirimbiri, munthu adine msanga kapena aimbe nambala inayake. Chenjezo lenileni silipempha ndalama, silipereka nambala yoimba, ndipo siliuza munthu kuti aike pulogalamu ina. Limangomupempha kuti abwerere.

Udindo wa maofesi

M'dziko muno lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 lidaika kulowa m'makina a eni popanda chilolezo m'gulu la milandu, komanso lidakhazikitsa nthambi yothana ndi ziopsezo za pa intaneti pansi pa bungwe la Macra. Mu 2024 kudabweranso lamulo la Data Protection Act, lomwe limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri za anthu kuti azisamale.

Udindo umenewu umayambira pa zinthu zazing'ono ngati deti la pa satifiketi. Ndipo ntchitoyi ikunka ikulirakulira. Kuyambira mu Seputembala 2020 satifiketi yatsopano sinkaloledwa kupitirira masiku 398, ndipo mu 2025 bungwe la CA/Browser Forum, lomwe limakhazikitsa malamulowa, lidagwirizana zochepetsa masikuwa pang'onopang'ono mpaka afike 47 mu 2029. Ofesi yomwe imadalira kuti wina akumbukire pamtima idzagwa m'mavuto kangapo pachaka. Mwayi wake ngwoti makina atha kukonzedwa kuti azidzitengera okha satifiketi yatsopano, ndipo mwa njira ya Let's Encrypt salipira kanthu.

Kotero ofesi ikamatumiza anthu kutsamba lomwe likuchenjeza, vuto nthawi zambiri silikhala ndalama koma kusalabadira. Wolipira mtengo wake ndi mayi wa kumsika yemwe waphunzitsidwa, ndi anthu omwe amawalemekeza, kuti chenjezo ndi lodumpha.

Zoyenera kuchita pakhomo

M'mabanja ambiri foni yamakono imakhala imodzi, ndipo woidziwa bwino amakhala mwana. Agogo, bambo ndi mayi amangopereka nambala zawo kuti awalembere. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kukambirana pakhomo, osati kuisiyira wodinayo yekha.

Chenjezo likatuluka, choyamba n'kuona deti ndi nthawi ya pafoni. Ngati zasokonekera, kuzikonza kumathetsa vutolo nthawi yomweyo. Ngati foni ili pa Wi-Fi ya eni, ndi bwino kuichotsapo n'kuyesa ndi bandulo.

Chachiwiri n'kuwerenga adiresi chilembo ndi chilembo. Masamba ambiri a boma la Malawi amathera ndi gov.mw, ndipo a sukulu zaukachenjede ambiri amathera ndi ac.mw. Chofunika ndi mawu omalizira adiresi isadafike pa kamzere kopendekera koyamba. Wakuba atha kuika dzina la unduna kapena la banki koyambirira, kumapeto n'kukhala kwake. Mauthenga oyenda pa WhatsApp olonjeza bandulo yaulere, ntchito kapena thandizo la ndalama, makamaka omwe amati munthu awatumize kaye ku magulu angapo, ndiwo khomo lomwe akuba amakonda kulowera.

Chachitatu n'kuyeza chomwe chingatayike. Kuwerenga chabe chidziwitso patsamba lomwe satifiketi yake idatha dzulo si chimodzimodzi ndi kulembapo pasiwedi, nambala ya chiphaso cha unzika kapena ya akaunti. Pomwe pali chenjezo, zinthu zimenezi siziyenera kulembedwa, ngakhale tsambalo litakhala la ofesi yaikulu motani. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ndiye siperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale wodzitchula kuti ndi wa kukampani.

Chachinayi n'kufunsa. Safunsa adadya phula. Kuimba ku ofesiyo pa nambala yodziwika kale, osati yomwe yabwera ndi uthengawo, kumathandiza pawiri: munthu amadziwa zoona, ndipo ofesiyo imadziwa kuti tsamba lake lili ndi vuto. Ngati yankho lake ndi loti angopitirira, munthu ali ndi ufulu wopempha njira ina yoperekera mafomu ake. Ndipo wina aliyense akapempha kuti pafoni paikidwe satifiketi yapadera, nkhani ya ku Kazakhstan ikumbukiridwe.

Pa nkhani zonsezi palibe mbali yomwe idakhoza nthawi zonse. Foni imachenjeza pomwe palibe wakuba, kampani yodalirika idabisa kuti yathyoleredwa, boma lina lidaiwala masatifiketi ake pomwe lina lidafuna kusuzumira makalata a nzika zake. Chomwe chidavumbula chinyengo cha DigiNotar sichidali udindo wa munthu aliyense wamkulu, koma munthu wamba mmodzi yemwe adaona chenjezo, n'kuima, n'kufunsa. Mafomu ochedwa atha kudandaulidwa ku ofesi Lolemba, koma pasiwedi ikapita m'manja mwa wakuba, pepani sapoletsa chilonda.